Chivindikiro Chimodzi pa Ndowa Imodzi

Takondwa ndi Yamikani, ndikulemba izi ndili pa khonde kuno ku Lukwa, fodya wathu atapachikidwa kale m'chigafa. Anthu amadabwa akamva kuti ndinapuma pa ntchito, poti imvi ndilibe. Ndinasiya ndekha, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa: panalibe wina wokudzutsani m'mawa ndi kukuperekezani kusukulu. Za ubwana wanga mudzafunse agogo anu, amazikamba bwino kuposa ine. Ine ndiyambira tsiku limene ndinayamba kubwera kunyumba ndi fungo m'malaya.

Chaka choyamba nditachoka ku koleji

Ndinaphunzira zoyeza madzi, ndipo ndinkaganiza kuti ndidzakhala m'chipinda chozizira nditavala zoyera. M'malo mwake ananditumiza ku malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi a tauni ina, kuseri kwa manda. Bwana wanga anali a Gondwe, munthu wa kumpoto, wamfupi, wosakonda mapepala. Tsiku loyamba sanayang'ane n'komwe satifiketi yanga. Ananditengera pa thanki yaikulu momwe matope ofiirira ankawira chifukwa cha mpweya wopopedwa ndi makina, natunga m'chitini, nandipatsa.

"Nunkhiza, dada."

Ndinayembekeza fungo loipa, koma linali fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa.

"Zimenezo ndi ng'ombe zanga," anatero. "Kusukulu anakuuza kuti tizilombo n'toipa, uzitipha. Kuno ndi timeneti timadya zonyansa za tauni yonse mpaka madzi ayere. Tizilombo tikafa, tafa tonse. Uzitiweta ngati munthu wa khola."

Ndinakhala nawo zaka zinayi, ndipo pa zaka zinayizo makina oyezera mpweya wa m'madzi anagwira ntchito miyezi isanu yokha. Kachipangizo kake kanang'ambika, tinalemba makalata, kankabwera mawa chaka chonse. A Gondwe sankadandaula. Anandiphunzitsa njira ya botolo la buluu, imene ndagwiritsa ntchito moyo wanga wonse, ndipo ndikufuna muimvetse chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo. Umathira matope amoyo aja m'botolo, kadontho ka mkaka kuti tizilombo tipeze chakudya, ndi madontho ochepa a utoto wa buluu. Umadzaza madzi mpaka pakamwa n'kutseka kuti mpweya usalowe. Tizilombo tamoyo timapuma, timamaliza mpweya wa m'madzimo, ndipo mpweya ukatha buluu uja amazilala. Koma ngati wathiramo mankhwala opha, palibe chopuma, botolo limangokhala la buluu. Ukafuna kudziwa ngati mankhwala ena ndi oopsa kwa tizilombo, umandandalika mabotolo pa windo, lina lopanda mankhwala, lina lothiridwa pang'ono, lina kwambiri, n'kukhala pansi ndi wotchi. A Gondwe ankati botolo likamakongola, kumeneko ndi kumaliro.

Chaka chimene ndinapita ku Santhe

Sukulu ina ya mpingo, ya atsikana ogonera komweko, inamanga malo akeake oyeretsera madzi a m'zimbudzi, ndipo inkafuna munthu wowayang'anira. A Gondwe anatchula dzina langa. Panali thanki imodzi, makina a mpweya, ndi maiwe awiri. Madzi akachoka m'dziwe lachiwiri ankatsikira kudambo, kumene matenanti a pa esiteti yoyandikana nafe ankapanga nazale za fodya ndi timadimba tawo. Ahedi anali a Mwale, munthu wabwino amene ankaopa komiti ya sukulu kuposa imfa. Atsikana anandipatsa dzina mlungu woyamba womwewo: adokotala a zimbudzi. Ndinkayankha.

Mayi anu, Elida, anali matroni. Anali wamng'ono pa udindowo, ndipo mwina n'chifukwa chake ankafuna kuti zimbudzi zake zizinunkhira kuposa tchalitchi. Ndinapita kukawauza kuti mankhwala amene akuthira akuchuluka.

"Ndiye mukufuna ndiziweta tizilombo m'zimbudzi za ana a eni?" anandifunsa.

"Ayi, muphe ta m'chimbudzi. Mungondisiyira tanga ta kumusi."

"Tanu timasiyana bwanji ndi tanga? Tili ndi mayina?"

Ndinawaitana kuti adzaone mabotolo. Ndinaganiza kuti ayang'ana kamphindi n'kupita, koma anakoka mpando, nakhala ola lathunthu manja ali pachibwano. Tinayesa milingo yosiyanasiyana mpaka tinapeza umene unkayeretsa chimbudzi koma osapha matope ukafika m'thanki. Mankhwalawo masiku amenewo ankabwera m'timabotolo ting'onoting'ono ta chivindikiro chobiriwira. Tsiku lomwelo mayi anu anatenga katoni, nalemba ndi dzanja lawo lopendekera lija kuti, Chivindikiro chimodzi pa ndowa imodzi, nakhoma pa khoma la chipinda chosungiramo matsache. Ndi iwonso amene anakakamiza a Mwale kuika lamulo loti mankhwala alionse atsopano otsukira aziyamba adutsa pa windo langa, ndiwayese monga mmene akagwirire ntchito, ndisaine, kenako apite kumahostelo. Chaka chotsatira tinakwatirana. A Gondwe atamva anati ndine munthu woyamba kufunsira mbeta ndi madzi a m'chimbudzi.

Pakati pa amayi oyeretsa panali Anaphiri, wamkulu mwa onse. Anabwera kuchokera kummwera ndi amuna awo kudzalima fodya wa utenanti, amunawo anamwalirira konkuno, iwo sanabwererenso kwawo. Kuwerenga sankadziwa, koma mawu a pa katoni aja anawaloweza ngati vesi. Anatenga mayi anu ngati mwana wawo wobala, motero ine ndinasanduka mkamwini. Ankanditchula kuti apongozi, ndipo tikakumana m'njira ankapatukira m'tchire mwadala, uku akuseka. Iwe Takondwa unagona kumsana kwawo kuposa kwa wina aliyense.

Zaka zisanu ndi zinayi zimene zinatsatira ndilibe zambiri zoti ndilembe, chifukwa zinali zabwino. Magetsi ankazima, ndinkavundula thanki ndi nkhafi yamatabwa. Utoto wa buluu ukatha ndinkapempha kwa aphunzitsi a sayansi. M'dziwe lachiwiri munabwera achule, kenako abakha a kwa mlonda.

Meyi, chaka chimene Yamikani anayamba sitandade wani

Mayi anu anadwala milungu itatu. Za milungu imeneyo sindilemba pano. Anaphiri ndi amene anawasambitsa komaliza. Ndinabwerera ku ntchito patatha masiku khumi ndi anayi, chifukwa kunyumba kunali chete kwambiri. Ndinkafika nthawi yake, ndinkachoka nthawi yake. Pepala lililonse limene ankaika patebulo langa ndinkasaina.

Okutobala, chaka chomwecho

Thanki inayamba kusintha pang'onopang'ono, ndipo ndikanakhala munthu wa kale uja ndikanaona mu Ogasiti. Matope anada, pamwamba panabwera thovu, fungo la dothi lija linatha. Ndinkati ndi kutentha. Achule anasowa. Kenako m'mawa wina tenanti wina anafika pa khomo la kachipinda kanga ndi keni yothirira nazale, naiika pansi pakati pa ine ndi iye.

"Bwana, ana anga akusamba m'manja ndi awa. Mbande zanga zikumwa awa. Tanunkhizani, inu ndinu ophunzira."

Sindinafunike kuwerama. Ndinamupepesa, ndinatseka njira ya madzi opita kudambo, ndipo ndinadziwa kuti maiwe akhoza kusunga madziwo mwezi umodzi wokha.

Tsiku lomwelo ndinatunga madzi m'maenje atatu a mapaipi: ochokera kukhitchini, ochokera kumakalasi, ndi ochokera kumahostelo. Matope amoyo ndinapala pang'ono m'mbali mwa dziwe loyamba, momwe munatsala tizilombo timene tinapulumuka. Mabotolo a kukhitchini ndi kumakalasi anazilala bwinobwino. La kumahostelo linakhala pa windo mpaka dzuwa kupendeka, lokongola ngati yunifolomu ya atsikana athu.

Kumahostelo ndinali ndisanapondeko chiikireni maliro. Ndinapeza Anaphiri akukolopa pakhonde. Sanapatuke ulendo uno.

"Apongozi, mwakumbuka njira?"

"Ndabwera pa ntchito, amayi. Tandionetsani mmene mukusungunulira mankhwala."

Ananditengera m'chipinda cha matsache. Katoni ija inali pomwepo, m'mbali mwake mutapindika, ndipo wina anali ataikuta ndi pulasitiki. Anaphiri analoza ndi tsache.

"Monga analembera mwana wanga. Chivindikiro chimodzi pa ndowa imodzi. Palibe wasintha, ndipo wofuna kusintha ayambe wandiika m'manda."

Anawerama, nakoka chigubu chachikulu pansi pa shelefu, namasula chivindikiro chake, chakuda, chotakata ngati kapu ya tiyi. Anachidzaza, nakhuthulira m'ndowa. Madzi anayera ngati mkaka.

"Timabotolo tija tinapita kuti?" ndinafunsa.

"Anasiya kugula. Chiyambire Juni akubweretsa zigubu. Mankhwala ake ndi omwewo, fungo lomwelo." Anatsitsa mawu. "Loweruka ndimaonjezako theka, makolo akamabwera. Mwana wanga ankadana ndi fungo."

Ndinabwereka chivindikirocho. Mlingo wa kakang'ono kaja ndinali nawo m'kabuku kanga ka kale. Chachikulucho chinkanyamula tating'ono tisanu ndi titatu. Kwa miyezi inayi amayi asanu ndi mmodzi, m'mawa uliwonse, ankamvera mayi anu mokhulupirika, ndipo ankathira kasanu n'katatu kuposa mmene mayi anu ankafunira.

Lachiwiri a Mwale anandiitana. Mwini esiteti anali atalemba kalata, ndipo komiti inkakumana Lachisanu. Anatseka chitseko okha.

"A Chisale, komiti sikufuna mabotolo, ikufuna dzina. Anena kale kuti wamkulu wa oyeretsa ndi Anaphiri, ndipo zaka zawo zakwana. Akachotsedwa pano apita kuti? Kwawo kulibe ndi nkhuku yomwe." Anasisita maso. "Ndili ndi maganizo, koma mundikhululukire. Lembani kuti malangizo a pakhoma anali olakwika. Tiichotse katoni ija, nkhani ithe. Malemu sachotsedwa ntchito."

Sananene mwankhanza. Ankafuna kupulumutsa mayi wokalamba, ndipo njira imene anaiona ndi imeneyo. Ndinawauza kuti ndibweretsa lipoti Lachisanu.

Lachitatu m'mawa ndinatsegula fayilo ya mankhwala kuti ndione tsiku limene zigubu zinafika. Pepala lake linalipo. Pansi pake, pa mzere wonena kuti mankhwala ayesedwa ndipo akhoza kupita kumahostelo, panali siginecha yanga. Sindinkakumbukira tsikulo ngakhale pang'ono. Dzina la mankhwala linali lomwe lija, ndiye mwina ndinangoti palibe chatsopano. Koma lamulo la mayi anu linkati ndiwayese monga mmene akagwirire ntchito. Ndikanachita zimenezo ndikanamasula chigubu chimodzi, ndipo chivindikiro chikanakhala m'dzanja langa mu Juni. Fayiloyo inkakhala m'kachipinda kanga. Palibe wa m'komiti amene ankadziwa kuti iliko, ndipo a Mwale anali ataiwala. Ndinakhala nayo pamiyendo nthawi yaitali. Ndinaganiza za inu awiri, ndi nyumba ya sukulu imene tinkakhalamo, imene inkayendera limodzi ndi ntchitoyo. Sindikubisirani: ndinaibwezera fayiloyo pansi penipeni pa zinzake.

Masana ndinapita kunyumba inu muli kusukulu. Ndinkafuna kachivindikiro kobiriwira koti ndiyesere nako, ndipo pasukulu ponse panalibe kabotolo ndi kamodzi komwe, timabotolo tonse tinali titapita kumsika kukagulitsiramo mafuta ophikira. Ndili pakati pofufuza m'kabati ndinakumbukira makiyi. Makiyi a mayi anu anali pa msomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, pamene anawapachika okha, ndipo ine ndinkatsegula chitsekocho mosamala kuti asalire. Pa chingwe chake panali kachivindikiro kobiriwira, koboola pa mlomo. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti ndi choseweretsa, chifukwa iwe Yamikani unkakaluma pamene mano ankamera. Timano tako tinali pomwepo. Sindinawafunsepo mayi anu chifukwa chimene ankayendera nako. Ndikuganiza kuti mayi woyeretsa watsopano akabwera, ankamuonetsera pamenepo.

Ndinachotsa makiyiwo pa msomali. Analira. Ndinabwerera ku ntchito, ndinatulutsanso fayilo ija, ndinaiika pamwamba.

Lachisanu ndinalowa m'komiti ndi mabotolo atatu m'katoni. Wapampando anali abusa, munthu wanthabwala. Anaphiri anawakhazika panja pa benchi, atavala chitenje chawo cha Lamulungu. Ndinafotokoza za matope ndi buluu monga ndakufotokozerani inu. Botolo loyamba linalibe mankhwala. Lachiwiri linali ndi mankhwala a mlingo wa kachivindikiro kobiriwira, osungunulidwa monga amafikira m'thanki. Lachitatu linali ndi a mlingo wa chivindikiro chakuda. Ndinathira utoto pamaso pawo, ndinatseka, ndinapempha kuti tidikire.

"Zaka makumi atatu ndikulalikira zosaoneka ndi maso," anatero abusa, "lero ndakumana ndi mnzanga. Bweretsani tiyi, koma makapu akhale kutali ndi katoniyo."

Tinamwa tiyi. Anakamba za mitengo ya fodya ndi za mvula. Ine ndinkayang'ana botolo lachiwiri. Ndinali nditayesa dzulo lake ndipo ndinkadziwa yankho, komabe maso anga sanachoke pamenepo. Loyamba linazilala. Patapita kanthawi lachiwiri linatsatira, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Lachitatu silinasinthe.

Ndinawerenga lipoti, ndipo linali lalifupi. Malangizo a pakhoma anali olondola, botolo lachiwiri ndi umboni. Amayi oyeretsa anatsata malangizowo monga anawauzira. Chimene chinasintha ndi chivindikiro, ndipo munthu amene anali ndi udindo wochiona ndi amene anasaina pepala ili osayesa. Ndinaika pepalalo patebulo.

A Mwale anatsokomola. "A Chisale nthawi imeneyo anali ndi zovuta, abusa. Tonse tikudziwa."

"Ndinali pa ntchito," ndinatero. "Ndinasaina ndi dzanja langa."

Za theka la Loweruka lija sindinatchule. Ananditulutsa panja, ndipo ndinakhala pa benchi, ine mbali ino, Anaphiri mbali inayo.

"Mwawauza chiyani, apongozi?"

"Ndawauza kuti mumadziwa kuwerenga kuposa ine."

"Musandiseke pa tsiku langa lochotsedwa."

"Simukuchotsedwa. Koma za Loweruka zija zithe."

Anayang'ana kumbali monga amachitira mpongozi weniweni, napukuta kumaso ndi m'mphepete mwa chitenje.

Komiti inandipatsa kalata ya chenjezo, ndipo kukwezedwa kumene ndinkayembekeza chaka chimenecho kunapita. Kalatayo ili m'sutikesi pamodzi ndi satifiketi yanga, mudzaipeza. Anaphiri anagwira ntchito zaka zina zitatu, napuma mwaulemu, ndipo sukulu inawasiyira kanyumba kuseri kwa khitchini.

Novembala, mvula isanagwe

Thanki yakufa siidzuka yokha msanga, imafuna mbewu. Ndinaimbira a Gondwe, amene anali atapuma kale koma ankadziwana ndi aliyense wa kumalo athu akale. Anabwera okha pa galimoto ya sukulu, atakhala kumbuyo pakati pa migolo inayi ya matope amoyo, ngati munthu woperekeza ng'ombe za chiwongo. Sananene chilichonse za maliro kapena za kalata. Anangoviika chitini m'thanki yanga, nanunkhiza, napukusa mutu.

"Wazigoneka ndi njala, dada, n'kuzimwetsa poizoni. Koma khola lilipo. Tiye."

Patatha masiku khumi fungo la dothi linabwerera. Ndinatsegula njira ya kudambo mabotolo atazilala masiku atatu otsatizana, ndipo keni yoyamba ndinaitengera ndekha kwa tenanti uja. Ananunkhiza, nathirira mbande zake, kenako anandipatsa tomato m'chipewa.

Panatsala katoni ya pakhoma. A Mwale anali atalembetsa malangizo atsopano pa kompyuta, a mamililita, mu Chingerezi ndi m'Chichewa. Ndinawapempha kuti andilole ndikonze ndekha. Ndinapita ndi msomali, chingwe ndi cholembera. Ndinamasula kachivindikiro kobiriwira pa makiyi, ndinakapachika pambali pa katoniyo ndi chingwe chachitali chofika pa ndowa. Kenako ndinakweza pulasitiki. Pakati pa mawu oyamba ndi achiwiri mayi anu anasiya kampata, poti ankalemba motayana. Ndinalembapo liwu limodzi.

Anaphiri anali kumbuyo kwanga. "Mwalemba chiyani pa pepala la mwana wanga?"

"Ndalemba kuti ichi."

Anagwira kachivindikiro kaja, nakatembenuza, naona timano. Ananena chiganizo chonse pang'onopang'ono kawiri kuti chilowe, kenako anandiuza kuti ndichoke, ndikudetsa pamene akolopa.

Ndinagwiranso ntchito zaka ziwiri ndisanabwere nanu kuno kumunda wa agogo anu. Masiku ano ng'ombe zanga ndi ziwiri ndipo zimaoneka ndi maso. Ndimadzuka, ndimakuperekezani mpaka pa mlatho, ndimalowa m'munda, ndipo madzulo ndimatopa bwino. Iwe Takondwa, ukadzapita kukayamba fomu wani kumeneko, udzapemphe makiyi a chipinda cha matsache. Amene anandilowa m'malo anandiuza mwezi watha kuti katoniyo ilipobe. Mawu asanu opendekera ndi a mayi ako. Kakang'ono kopanikizika pakatipo ndi kanga.